Mlomo wong'ambika: zimene sitiona tikamayang'ana nkhope yokha

Ikani chala pakati pa mphuno ndi mlomo wanu wam'mwamba. Pali kangalande kokhala ndi timizere tiwiri m'mbali mwake. Aliyense ali nako, ndipo ambiri timakalamba osadzifunsa kuti kanabwera bwanji. Pamenepo ndi pamene nkhope yanu inalumikizana muli m'mimba mwa amayi anu. Nkhope ya munthu siyamba ili chinthu chimodzi ayi. Imayamba ili zidutswa 5: chimodzi chotsika kuchokera pamphumi, ziwiri zochokera m'mbali zimene zimadzakhala masaya ndi nsagwada yam'mwamba, ndi ziwiri zam'munsi zimene zimadzakhala chibwano. Zidutswazi zimakula mpaka kukumana n'kugwirana, monga mmene telala amalumikizira nsalu zodulidwa padera kuti zikhale malaya amodzi. Mlomo umalumikizana pakati pa sabata ya 4 ndi ya 7 ya pathupi. Kumwamba kwa m'kamwa, kumene kumalekanitsa kamwa ndi mphuno, kumatsatira, ndipo pofika sabata ya 12 ntchito yonseyi yatha.

Tawerengani bwino masabata amenewa. Ndi nthawi imene mayi mwina akungodabwa kuti mwezi uno sanaone, sanauze ngakhale mwamuna wake, ndipo za kusikelo sanayambe n'kuziganiza komwe. Zidutswa zija zikalephera kugwirana pamalo ena, mpata umatsala, ndipo mwana adzabadwa ndi mlomo wong'ambika, kapena kumwamba kwa m'kamwa kotseguka, kapena zonse ziwiri. Zimene mayiyo anadya pathupi pali miyezi 6, munthu amene anakangana naye pamjigo, maliro amene anapitako kapena sanapiteko, zonsezo zinadza nkhani itatha kale.

Ndikulemba izi monga mayi wamkulu wa mnyamata amene anabadwa chonchi, mwana wa mng'ono wanga. Mpata wake unali kumanzere, kuyambira pamlomo, kudutsa m'nkhama, mpaka kumbuyo kwenikweni kwa m'kamwa.

Tili ndi mwambi wakuti lungalunga n'kobadwa, chilema chichita kudza. Akuluakulu anaunena pofuna kuti tisamaseke olumala, ndipo cholinga chake n'chabwino. Koma m'kati mwake muli ganizo lakuti mwana aliyense amayenera kubadwa wathunthu, ndiye akabadwa mosiyana anthu amayamba kusaka amene wachititsa. Kwathu kusakako kunayamba mwana asanatuluke m'chikuta. Ena akuchimuna ankati kumtundu kwawo zotere kulibe. Ena ankati mayiyo anaseka munthu ali woyembekezera. Gogo wina anabwera kudzaona mwana atanyamula ufa m'beseni, anasuzumira m'kashawelo, n'kufunsa mng'ono wanga motsitsa mawu kuti, "Mwanawe, unalakwira ndani?" Sanali munthu woipa mtima, ndipo ufa wake tinadya. Koma funso lakelo linakhala pamtima pa mayi wa chikuta nthawi imene ankafunika mphamvu zake zonse pa chinthu china.

Zimene madokotala akudziwa ndi izi. Kusuta fodya ndi kumwa mowa kumayambiriro kwa pathupi kumakweza chiopsezo, chimodzimodzinso matenda a shuga amene mayi anali nawo asanatenge pathupi, ndi mankhwala ena a khunyu monga valproate ndi topiramate. Apa ndichenjeze: mayi wodwala khunyu asasiye mankhwala payekha, akambirane ndi dokotala asanaime. Nthawi zina zimayenda m'magazi, ndipo magaziwo angachokere kwa bambo kapena kwa mayi, palibe mbali yoyera. Pali mabanja amene anthu ake amakhala ndi timaenje tating'ono pamlomo wam'munsi, ndipo mwa iwo mlomo wong'ambika umabwerabwera. Madokotala amatcha zimenezi Van der Woude. Koma mwa ana pafupifupi 7 pa 10 alionse obadwa ndi mlomo wong'ambika, thupi lonse limakhala bwinobwino, ndipo kawirikawiri palibe chinthu chimodzi chimene wina angaloze n'kunena kuti ndi ichi. Mng'ono wanga fodya sanamulawepo, mowa sadziwa kukoma kwake.

Padziko lonse, mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 700 amabadwa ndi mpata wa pamlomo kapena wa m'kamwa. Kuno ku Africa chiwerengerochi chimatsikirapo poyerekeza ndi ku Asia, koma m'Malawi mumabadwa ana oposa 600,000 pachaka, choncho tikukamba za ana mazanamazana chaka chilichonse. Mpata wa pamlomo umachuluka mwa anyamata, ndipo umakonda kumanzere kuposa kumanja. Wathu analowa m'gulu lalikululo.

Tsopano ndifike pa chimene chinandikhalitsa pansi kuti ndilembe. Aliyense wobwera kudzaona mwana ankayang'ana mlomo. Chimene chinatsala pang'ono kutilanda mwanayo sichinali mlomo, inali njala.

Khanda likamayamwa silimangokoka ndi milomo. Limakanikiza bere ndi lilime kumwamba kwa m'kamwa, njira ya kumphuno n'kutsekeka, ndipo m'kamwa mumakhala mphamvu yokoka mkaka. Kumwambako kukakhala kotseguka, mpweya umalowa kudzera m'mphuno ndipo mphamvu yokokayo imathera pomwepo. Choopsa n'chakuti mwana amaoneka ngati akuyamwa ndithu. Tinsagwada timagwedezeka, maso amatsinzina, mayi n'kumati zikuyenda, pamene m'mimba mwafika madontho okha. Mwana amatopa, amagona bere lili m'kamwa, posakhalitsa wadzuka akulira. Mkaka wochepa umene wakoka umatulukiranso m'mphuno, kamzere koyera kotsika pamlomo, iye akuyetsemula ndi kutsamwa. Mabere a mayi amatupa n'kuuma gwa chifukwa sakupungulidwa, kenako mkaka umayamba kuchepa. Kusikelo anzake mzere wa pakhadi ukukwera, wa mwana wathu unkangoyenda chogona, ndipo khungu la m'tintchafu linayamba kukwinyika.

Amene anatithandiza ndi namwino wina wachikulire. Anamuyang'ana mng'ono wanga akuyamwitsa kwa kanthawi osanena kanthu, kenako anati, "Mayi, mwanayu sakukana bere, akulephera kukoka. Mkaka wanu ndi womwewo, tingosintha njira." Anamusambitsa m'manja, namufinyitsa mkaka m'kakapu koyera. Anakhazika mwana tsonga pamiyendo, dzanja limodzi litagwira kumbuyo kwa khosi, n'kugunditsa kapu pamlomo wam'munsi mpaka mkaka unafika m'mphepete. "Musathire," anatero. "Musiyeni anyambite yekha." Tinaona kalilime kakutuluka, kakukhudza mkaka, kukhosi kukumeza. Anatiuza kuti tizimuimika paphewa pafupipafupi kuti ageye, poti ana otere amameza mpweya wambiri. Kuti kumwetsa kusapitirire mphindi 30, chifukwa kupyola apo mwana amatentha mphamvu zoposa zimene akulandira. Ndiponso kuti ndi bwino kumupatsa pang'onopang'ono maola 2 kapena 3 alionse, usiku womwe, kusiyana n'kudikira kuti alire. Mkaka ukatulukira m'mphuno, tingopukuta, timupumitse, tipitirize. Pali mabotolo apadera ofewa amene mayi amafinya mwana akamayamwa, ndipo ndi othandiza akapezeka, koma kapu ndi yosavuta kutsuka, ndipo kumene madzi ndi ovuta botolo losatsukidwa bwino limabweretsa kutsegula m'mimba.

Mwana amene mpata wake uli pamlomo pokha nthawi zambiri amayamwa ndithu, chifukwa bere limadzaza mpatawo, kapena mayi amautseka ndi chala chachikulu. Vuto lenileni ndi la m'kamwa.

Taganizani ntchito imene ili pamenepa. Kuti mkaka usaume, mayi ayenera kufinya nthawi zosachepera 8 patsiku. Akafinya amwetse, akamwetsa atsuke kapu, akangoti atsinzine nthawi yakwananso. Munthu mmodzi sangachite zimenezi kwinaku akutunga madzi, akupita kuchigayo, akuphikira banja. Apa ndi pamene achibale ali ndi mbali, ndipo ndikunena mosabisa kuti apa ndi pamene ambiri timalephera. Tili ndi nthawi yokambirana kuti zachokera kuchimuna kapena kuchikazi, koma wodzuka pakati pa usiku kudzagwira kapu ndiye amasowa. Mlamu wanga, bambo wa mwanayo, anakhala masiku oyamba ali duu, osamunyamula n'komwe. Tsiku limene anagwira kapu koyamba manja akunjenjemera, zinthu m'nyumba muja zinasintha, ndipo akwawo analeka zoyankhulayankhula zija ataona mwana wawo akutsuka yekha makapu pakhonde. Mayi akasiyidwa yekha amatopa, ndipo akatopa ndi pamene anthu amayamba kumulangiza kuti ampatse phala lamadzimadzi kapena tiyi mwana asanakwane miyezi 6. Zimenezo zimadzaza mimba koma sizinenepetsa, ndipo kumwetsa mokakamiza mwana atagona chagada kungalowetse chakudya m'mapapo n'kuyambitsa chibayo.

Kunenepa kwa mwana ndiye khomo la opaleshoni. Madokotala ali ndi lamulo lakale limene amalitcha la ma 10: mwana akhale wa masabata 10, wolemera mapaundi 10, amene ndi makilogalamu pafupifupi 4.5, ndipo mlingo wa magazi ufike pa 10. Lamuloli cholinga chake n'chakuti mwana apirire mankhwala ogonetsa ndipo bala lipole. Nthawi zambiri mlomo umasokedwa mwana ali ndi miyezi 3 mpaka 6. Pa tsiku lopima mumaona amayi ochokera kutali, ena atagulitsa nkhuku kuti apeze ya basi, akubwezedwa chifukwa mwana ndi wopepuka, kapena magazi ndi ochepa, kapena ali ndi malungo kaya chifuwa. Nafenso tinabwezedwapo chifukwa cha sikelo. Zimawawa, koma dokotala amene wakubwezayo wateteza mwana wako.

Opaleshoni yeniyeniyo si yaitali. Njira imene madokotala ambiri amatsatira anaiyambitsa Ralph Millard wa ku America m'zaka za m'ma 1950 ali ku Korea. Sikuti amangokoka mbali ziwiri n'kusoka. Mnofu wozungulira pakamwa, umene umatithandiza kuyamwa, kupsompsona ndi kuimba mluzu, umakhala utaduka n'kumatirira pamalo olakwika, ndiye amaumasula n'kuulumikiza, amakonzanso phiko la mphuno limene limakhala litaphwatalala, ndipo chipsera amachibisa mu umodzi wa timizere ta kangalande kaja. M'dziko muno ntchitoyi imachitika kwaulere. Bungwe la Operation Smile, limene Bill ndi Kathy Magee anayambitsa mu 1982, lakhala likugwira ntchito m'Malawi kuyambira 2012. Smile Train, imene inayamba mu 1999, imathandiza madokotala a m'dziko momwemo kuti azichita okha chaka chonse. Ku Blantyre kuli chipatala cha ana cha Beit CURE, komanso Mercy James pa Queen Elizabeth, imene inatsegulidwa mu 2017. Poyambira ndi chipatala cha pafupi kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, iwo ndi amene amalemba kalata yotumiza.

Atamutulutsa mwana ku fiyeta, mng'ono wanga analira kwambiri, ndipo sichinali chimwemwe chokha. Anandiuza kuti, "Achemwali, ndamusowa." Anali atazolowera kumwetulira kwake kotakata kuja, kumene kunkatsegula nkhope yonse. Anthu akunja ankaona chilema chokonzedwa, iye ankaona nkhope imene anaikonda itasinthidwa. Amayi ambiri a ana otere amamva zimenezi ndipo amachita manyazi kunena. Asamachite manyazi, zimatha pakapita masiku.

Msampha waukulu uli pano. Mlomo ukasokedwa, pamudzi ponse pamakhala chikondwerero, ndipo aliyense amati nkhani yatha. Koma ngati kumwamba kwa m'kamwa kunali kotseguka, kukadali kotseguka. Opaleshoni yachiwiri imayenera kuchitika mwana ali ndi miyezi 9 mpaka 18, asanakhazikike pa kayankhulidwe. Imeneyi ndi imene mabanja ambiri sabwererako. Ya basi yasowa, ndi nthawi yopalira, ndipo poti pamaso pakonzeka palibenso wokakamiza. Ine ndimaona kuti pa maopaleshoni awiriwa, wachiwiriyu ndiye amagamula moyo wa mwana kusukulu ndi pakati pa anzake.

Kumbuyo kwa m'kamwa kuli kachigawo kofewa kamene kamakwera n'kutseka njira ya kumphuno tikamayankhula. Tanenani kuti "papaya" chala chili pansi pa mphuno: mpweya sutuluka. Nenani "mame": mukumva mphuno ikunjenjemera. Mawu a p, b, t, d, k, g ndi s amafuna kuti mpweya uunjikane m'kamwa kenako uphulike kapena ufinyike potuluka. Chichewa chathu chimadalira kwambiri zimenezi, chifukwa pala ndi phala, kapena kola ndi khola, zimasiyana pa kampweya kokha. Mwana amene m'kamwa mwake mukudontha mpweya akafuna kunena b pamatuluka m, akafuna d pamatuluka n, mawu onse amamveka a m'mphuno. Pofuna kuti amveke amaphunzira kutulutsa mawu kukhosi, ndipo chizolowezicho chikakhazikika sichichoka ndi mpeni wa dokotala ngakhale m'kamwa mutadzasokedwa ali wamkulu. Chimafuna katswiri wophunzitsa kayankhulidwe, ndipo akatswiri amenewa m'dziko muno ndi owerengeka. Mwana wanzeru zake amakhala chete m'kalasi chifukwa akayankha anzake amamuyeserera, aphunzitsi n'kumuyesa wopepera.

Palinso makutu. Minofu ya kumbuyo kwa m'kamwa komweko ndi imene imatsegula kanjira kochokera kukhosi kupita m'kati mwa khutu. Ikakhala yosalumikizana, madzi amadzadza kuseri kwa nembanemba ya khutu, ndipo mwana amamva mawu ngati akuchokera patali. Pafupifupi ana onse a m'kamwa motseguka zimawachitikira ali aang'ono. Sizipweteka nthawi zonse, choncho makolo sadziwa, amangoti mwanayu ndi wosamvera. Khutu likayamba kutuluka mafinya, musathiremo za m'mabotolo a pamsika, pitani nayeni akaone. Mwana amene sakumva bwino sangaphunzire kuyankhula bwino, ngakhale m'kamwa atasoka mwaluso chotani.

Ndiye pali ana amene mlomo uli bwinobwino koma m'kamwa ndi motseguka. Zimenezi zimachuluka mwa atsikana, ndipo poti pankhope sipaoneka kanthu, mwana angathe kutuluka m'chipatala osadziwika. Khanda lililonse limayenera kuyang'anidwa m'kamwa ndi tochi mpaka kumbuyo. Ngati mkaka ukutulukira m'mphuno kawirikawiri, kapena mwana akuyamwa nthawi yaitali osakwera sikelo, pemphani anamwino ayang'ane. Ena mwa ana amenewa amakhala ndi kachibwano kakang'ono kobwerera m'mbuyo, lilime n'kumagwera kukhosi mpaka kupuma kumavuta. Dokotala wa ku France, Pierre Robin, analongosola zimenezi mu 1923 ndipo zimadziwika ndi dzina lake. Mwana wotere akamapuma mokoka, pachifuwa pakulowa m'kati, si wodikira naye kuti kuche.

Mafupa a mutu nawo ali ndi nkhani yawo, ndipo ife timaidziwa kudzera m'liwombo. Chigaza cha khanda si fupa limodzi, ndi mafupa angapo okhala ndi mizere yofewa pakati, kuti mutu uthe kupanikizika pobadwa ndiponso kuti ubongo, umene umakula kuwirikiza kawiri m'chaka choyamba, upeze malo. Liwombo ndi pamene mizereyo imakumana, ndipo limatsekeka lokha, kawirikawiri mwana asanakwane zaka 2. Silifuna kupakidwa kanthu kuti litseke. Likalowa m'kati ndiye kuti madzi achepa m'thupi, makamaka mwana akamatsegula m'mimba. Likatukumuka mwana ali phee kapena thupi likutentha, thamangirani kuchipatala. Mwa mwana mmodzi pa ana 2,000 mpaka 2,500, umodzi wa mizere ija umauma nthawi isanakwane. Madokotala amati craniosynostosis. Mutu umalephera kukula mbali imeneyo n'kukulira mbali ina. Kawirikawiri umauma ndi mzere wa pakati pamutu, ndipo mutu umakhala wautali kutsogolo ndi kumbuyo koma wopanikizika m'mbali, ndi kamtumbira kolimba kamene chala chimakamva mukasisita. Agogo amayesa kuumba mutu ndi manja pomusambitsa, koma fupa lomatirira siliumbika. N'zosiyana ndi mutu wophwatalala chifukwa chogonera mbali imodzi, umene umawongoka mwana akayamba kukhala ndi kukwawa. Mutu wa fupa lomatirira uja umafuna opaleshoni, makamaka m'chaka choyamba, ndipo tepi yoyezera mutu kusikelo ndi yofunika mofanana ndi sikelo yeniyeniyo. Maopaleshoni akuluakulu osuntha mafupa a nkhope ndi chigaza, othandiza ana a matenda obadwa nawo a mafupa amenewa monga Crouzon ndi Apert, anayamba kudziwika pamene Paul Tessier wa ku France anaonetsa ntchito yake ku Rome mu 1967. Zimenezi ndi za posachedwa, makolo athu ambiri anali atabadwa kale.

Mafupa a nkhope amakula mpaka munthu atatha msinkhu, choncho mwana wobadwa ndi mpata satsanzikana ndi chipatala msanga. Wathu anasokedwa m'kamwa asanakwane zaka 2. Lero ali kupulayimale, amayankhula zomveka, ngakhale s wake amathawirabe m'mphuno akatopa, ndipo tinapempha aphunzitsi kuti azimukhazika kutsogolo chifukwa cha khutu lakumanzere. M'nkhama mwake, pamene mpata unadutsa, mulibe fupa, ndipo mano a pamenepo anamera mopotoka, lina silinamere n'komwe. Pakati pa zaka 8 ndi 11, dzino lachikulire la pambali lisanatuluke, madokotala amatenga kafupa kofewa ka m'chiuno mwa mwana yemweyo n'kukadzaza pampatapo kuti dzino lipeze pomera. Ndiye gawo limene latsala. Zalembedwa m'buku lake la kuchipatala, ndipo ya basi ndi ya chakudya cha womudikirira mayi ake ayamba kale kuika padera ku banki m'khonde.